Momwe Mungasamalire Tulo ta Pabanja Panu

Usiku wina mwana wanu akagona, khalani pambali pake ndi tochi yophimba ndi dzanja, mumuyang'ane kumaso. Mukatero patangopita ola limodzi chigonereni, mumpeza ali m'tulo tofa nato: akupuma pang'onopang'ono, mukamunyamula pamkeka manja akungolendewera, ndipo kukacha sadziwa kuti kuchipinda anafikako bwanji. Mubwerenso tambala woyamba atalira. Zikope zili chitsekere koma maso akuyendayenda mkati mwake, kapumidwe kasintha, kamlomo kapena kachala kakugwedezeka. Mwana ndi yemweyo, mphasa ndi yomweyo, koma tulo timeneti n'tosiyana ndi tija ta madzulo. Malangizo onse amene ndikupatseni agona pamenepa.

Amene anayamba kulemba za maso oyendayendawa ndi Eugene Aserinsky ndi mphunzitsi wake Nathaniel Kleitman a ku yunivesite ya Chicago ku America, m'chaka cha 1953. Ankamata timawaya pamutu pa munthu wogona n'kumayeza mphamvu ya magetsi imene ubongo umatulutsa, ndipo woyamba kuyesedwa anali mwana wa Aserinsky yemwe, wa zaka 8. Kuchokera pamenepo zinadziwika kuti tulo tili ngati kuphika nsima: pali kufunditsa madzi, pali phala, pali kuthyakula, ndipo chilichonse chili ndi nthawi yake.

Gawo loyamba ndi kusinza kuja, kwa mphindi zochepa chabe. Munthu mukamugwedeza amakana kwamtuwagalu kuti sanagone. Ena amadzidzimuka ngati akugwera m'dzenje, ndipo zimenezo si matenda. Gawo lachiwiri ndi tulo tapakatikati. Mtima umachepetsa liwiro, thupi limazizirako, ndipo ubongo umayamba kutsekereza timaphokoso ta panja kuti tisakudzutseni. Gawo limeneli limatenga pafupifupi theka la usiku wonse.

Lachitatu ndilo tulo tofa nato. Maselo a ubongo, amene masana aliyense amakhala pa ntchito yakeyake, apa amagunda pamodzi n'kupuma pamodzi, ngati amayi osinja mogwirizana pamtondo. Kuthamanga kwa magazi kumatsika. Kachiwalo kena kochepa ngati nsawawa kamene kali kunsi kwa ubongo kamatulutsa homoni yokulitsa thupi, imene imakuza mafupa a ana ndi kukonza minofu ya wamkulu amene watopa ndi khasu. Ndi nthawinso yosesa. M'chaka cha 2013, gulu la Maiken Nedergaard ku yunivesite ya Rochester linaonetsa pa mbewa za mulabotale kuti zikagona, madzi ozungulira ubongo amalowa mosavuta pakati pa maselo n'kukokolola zinyalala zimene zinaunjikana masana. Komanso zimene munthu waphunzira tsiku limenelo zimasamutsidwa. Masana zimangosungidwa m'kachigawo ka ubongo kotchedwa hippocampus, kamene kali ngati dengu la kumunda, ndipo m'tulo takuyati dengulo limakhuthulidwira m'nkhokwe yokhalitsa.

Lachinayi ndilo la maso oyendayenda lija, limene madokotala amangolitchula kuti REM. Ubongo umatanganidwa ngati munthu ali maso, makamaka mbali zake zokhudza mantha, chisoni ndi chimwemwe, ndipo maloto ambiri amene timakumbuka amabwera apa. Chodabwitsa n'choti nthawi yomweyo ubongo umamanga minofu ya manja ndi miyendo kuti wolota akuthamanga asathamangedi. Imatsala yomasuka ndi ya maso ndi yopumira.

Magawo amenewa amazungulira pafupifupi mphindi 90 zilizonse, kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi usiku umodzi. Koma sagawana mofanana. Tulo tofa nato timachuluka m'maola atatu kapena anayi oyambirira, pamene tulo ta maloto timayamba ndi mphindi zosaposa 10 n'kumatalika mpaka m'bandakucha, pamene timatha kupitirira theka la ola. Gwirani mfundo iyi: usiku ukafupika, thupi limayamba latenga tulo takuya, ndipo todukato ndi ta m'bandakucha. Tulo takuya timaonongeka ndi zosokoneza monga kutentha, udzudzu, phokoso ndi tiyi. Choncho ntchito yanu ili pawiri, kupatsa banja maola okwanira ndi kuchotsa zosokoneza.

Yambani ndi kuwerengera chambuyo. Ola lodzukira pakhomo silisankhidwa ndi inu, limasankhidwa ndi munda, sukulu ndi basi ya kuntchito, ndiye lembani limenelo kaye. Wamkulu amafunika maola osachepera 7. Wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 amafunika 8 mpaka 10, mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika 9 mpaka 12, wa zaka 3 mpaka 5 amafunika 10 mpaka 13 kuphatikizapo tulo ta masana, ndipo wa chaka chimodzi kapena ziwiri amafunika 11 mpaka 14. Mwana wa Sitandade 3 amene amadzuka 5:30 kuti asambe ndi kuyenda ulendo wa kusukulu azikhala atagona pofika 8 koloko, makamaka 7:30. Inu odzuka 5 koloko, 10 koloko izikupezani muli kale m'tulo.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri chimagwera ana aakazi. Mtsikana amatsuka mbale mpaka 9 koloko, amagona cha m'ma 10, kenako mayi amamudzutsa 4 koloko kuti akatunge madzi ndi kusesa. Akamasinza m'kalasi timati ndi waulesi, chonsecho tamulanda maola awiri kapena atatu tsiku lililonse. Madzi atungidwe madzulo dzuwa lisanalowe, yunifomu isitidwe dzulo lake, ndipo mbale anyamata atsukeko. Zimenezi sizilira ndalama, zimangofuna kuti akuluakulu apakhomo mugwirizane.

Mukapeza ola lodzukira, lisungeni ngakhale Loweruka ndi Lamulungu, osasiyanitsa koposa ola limodzi. Mkati mwa ubongo, pamwamba pa pamene mitsempha ya maso imapingasana, pali kagulu ka maselo pafupifupi 20,000 kamene kali wotchi ya thupi lonse. Wotchiyo imatcheredwa ndi kuwala kolowa m'maso. Kukada imalamula kuti homoni ya melatonin ituluke, thupi lidziwe kuti kwada, ndipo kukacha imaletsa. Opita kumunda m'mamawa wotchi yawo imatcheredwa yokha. Ogwira ntchito muofesi kapena mushopu, tulukani panja mphindi 15 kapena 20 m'mawa. Ngati banja lanu linazolowera kugona 11 koloko, musalamule kuti lero onse agone 8, chifukwa angogubuduka pamphasa. Bwezani ola logonera ndi mphindi 15 masiku awiri kapena atatu alionse. Pa milungu inayi kapena isanu mukhala mutafika.

Masana samalani ndi zakumwa. Munthu akakhala maso, mu ubongo mumaunjikana mankhwala achilengedwe otchedwa adenosine, ndipo akachuluka ndi pamene zikope zimalemera. Kafini wa mu tiyi, khofi, Coca-Cola ndi zakumwa zam'zitini zopatsa mphamvu amatseka pamene adenosine amagwira, ndiye munthu samva kutopa ngakhale kutopako kulipo. Kafini sachoka msanga. Pakapita maola ngati asanu theka lake limakhala likadali m'magazi, kutanthauza kuti tiyi wowawa wa 4 koloko amakhala akadali m'thupi pa 9. Musanyengedwe poti inu mumamwa tiyi usiku n'kugona bwinobwino. Tulo timabwera ndithu, koma takuya tija timachepa inu osadziwa. Tiyi wotsiriza akhale wa pa nkhomaliro, ndipo madzulo imwani thobwa, mkaka kapena madzi otentha a mandimu. Ana aang'ono musawapatse tiyi wamasamba usiku.

Kuba tulo masana n'kwabwino mukachokera kumunda, koma kukhale kwa mphindi 20, isanakwane 3 koloko. Mukapitirira mpaka mphindi 40 kapena ola, mumadzuka pakati pa tulo takuya, mutu uli wolemera, osadziwa ngati kwacha kapena kwada. Ngati tulo ta usiku timakuvutani kale, ta masana tisiyeni.

Nsima ya madzulo idyedwe kutatsala maola awiri kuti mugone, makamaka kwa amene amamva kutentha pamtima akagona atakhuta. Njala nayonso imadzutsa, ndiye m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale chakudya chikachepa, yesetsani kuti ana asagone m'mimba muli pululu, ngakhale kaphala kokha. Kutatsala ola limodzi, chepetsani kuwala. Zimitsani babu lowala kwambiri musiye kanyali kofooka, ndipo foni ikhale patali ndi pogona. Vuto la foni si kuwala kokha. Mauthenga a pa WhatsApp ndi timakanema ta pa TikTok satha, ndipo munthu amati aone kamodzi kokha mpaka 12 koloko yakwana. Achinyamata wotchi yawo ya m'thupi imachedwerako mwachibadwa, choncho kuwakalipira kokha sikuthandiza. Pangani lamulo la nyumba yonse, loti mafoni onse, ndi anu omwe, agone pabalaza.

Kusamba madzi ofunda ola limodzi kapena awiri musanagone kumathandiza. Magazi amabwera pakhungu, kutentha kumatuluka, thupi limazizira mkati, ndipo kuzizirako ndi chizindikiro chimene ubongo umayembekezera kuti uyambe tulo.

Za mowa ndinene mosabisa. Kachasu kapena masese amagwetsadi munthu msanga, n'chifukwa chake ena amati amamwa kuti agone. Koma mowa umapondereza tulo ta maloto kumayambiriro kwa usiku, ndipo ukamatha mphamvu cha m'ma 2 kapena 3 koloko, munthu amangodzukadzuka, thukuta lili kamukamu, kukodza kosatha. Umafooketsanso minofu ya pakhosi, mkonono n'kukula. Ndalama yapita, tulo tabwino osapeza.

Tsopano chipinda. Mu Okutobala ndi Novembala nyumba ya malata imasunga kutentha mpaka usiku, ndipo kwa anzathu a ku Nsanje ndi Chikwawa ndi nkhani ya miyezi yambiri. Dzuwa likapendeka tsekulani mazenera ndi zitseko mphepo idutse, yanikani chitenje chonyowa pazenera, ndipo yalani mphasa pansi chifukwa mpweya wotentha umakwera kudenga. Kutentha kusakuchititseni kutaya neti. Udzudzu wa malungo umaluma usiku, ndipo ngakhale wosapereka malungo umadula tulo kambirimbiri. Neti amayi oyembekezera amalandira ulere kusikelo, ndipo boma limagawanso nthawi ndi nthawi. Ipindireni kunsi kwa mphasa kapena matiresi mbali zonse, ndipo pobooka sokani ndi singano, ntchito ya mphindi zisanu. Kandulo kapena koloboyi asayandikire neti. Nsikidzi sizibadwa mu neti monga ena amanenera, zimabisala m'ming'alu ya khoma ndi m'mfundo za bedi. Tulutsani zogonera padzuwa, thirani madzi owira m'mfundo za bedi, matani ming'alu. Mubwereze mlungu uliwonse kwa mwezi wathunthu, chifukwa mazira ake amaswa patapita mlungu umodzi kapena iwiri, ndipo ochita kamodzi kokha amadabwa zabwerera.

M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, mbaula isagone m'nyumba. Makala oyaka amatulutsa mpweya wapoizoni wosaoneka, wosanunkha, ndipo munthu wogona samva kanthu, amangopitirira. Mabanja athunthu atha motere. Othani moto pakhonde, zimitsani, onjezerani chofunda.

Pali zochitika za usiku zimene zimaopsa makolo. Mwana wa zaka zitatu mpaka khumi amatha kudzuka ola limodzi kapena awiri atagona, kukuwa, maso ali tong'o koma osakuzindikirani, kapena kuyenda m'nyumba ali m'tulo. Ameneyo wakodwa pakati pa tulo takuya ndi kudzuka. Musamugwedeze, musamuthire madzi. Mugwireni dzanja mofatsa mumubweze pogona, khomani chitseko, chotsani moto ndi mipeni pafupi. Kukacha sakumbuka kanthu, ndipo musamuseke. Zimachuluka mwana akatopa kwambiri kapena akamagona mochedwa, ndipo ambiri amasiya akamakula. Koma akamauma thupi, kuphupha kapena kudziluma lilime, amenewo akhoza kukhala matenda a khunyu, pitani naye kuchipatala.

Wokodza pogona musamumenye. Mpaka zaka zisanu n'zachibadwa, ndipo ena amapitirira chifukwa thupi lawo silinayambe kuchepetsa mkodzo usiku, komanso chikhodzodzo chikadzaza sichiwadzutsa. Achepetse zakumwa madzulo, akodze asanagone, yalani pulasitiki kunsi kwa nsalu. Ngati anasiya kwa miyezi yambiri n'kuyambiranso, kapena akumva kuwawa pokodza, mkodzo uli ndi magazi, kapena ludzu silimutha, akayezedwe likodzo, shuga ndi matenda a m'chikhodzodzo.

China chimagwera akuluakulu. Munthu amadzuka, akuona chipinda chake, koma dzanja kapena mwendo osatheka kusuntha, mawu osatuluka, pachifuwa ngati pakhala munthu, mwinanso akuona chithunzithunzi chaima pakhomo. Mantha ake ndi enieni, ndipo ambiri kukacha amayamba kuganizira achibale ndi anansi. Chimene chachitika n'chakuti maganizo adzuka pamene minofu ikadali yomangidwa ndi tulo ta maloto, ndipo maloto ena atsalira m'maso. Zimatha zokha pa masekondi kapena mphindi ziwiri. Pumani pang'onopang'ono, yesani kugwedeza chala chimodzi. Zimakonda munthu wosagona mokwanira ndi wogona chagada, choncho gonani cham'mbali ndi kukonza maola anu. Musanaloze munthu chala, yesani zimenezi mwezi umodzi.

Khanda lokha ndilo liyenera kugona chagada nthawi zonse mpaka litakwanitsa chaka, pamalo olimba, nkhope yosaphimbidwa, kutali ndi utsi wa fodya, ndipo lisagone pambali pa munthu woledzera. Theka la tulo ta khanda ndi ta maloto, chifukwa ubongo wake ukumangidwa. Limamwetulira, kukwinya nkhope, kulira pang'ono, lili m'tulo. Amayi ambiri amalinyamula msanga n'kulidzutsa okha. Dikirani mphindi imodzi muone ngati ladzukadi.

Inunso kudzuka pang'ono pakati pa usiku n'kwachibadwa, kumachitika mzungulire umodzi ukatha. Agogo tulo takuya timawachepera ndi ukalamba, n'chifukwa chake amadzuka kusanache. Tulo tikakana kwa mphindi ngati 20, musakakamire pabedi mukuwerenga ngongole. Dzukani, khalani pampando mumdima kapena pakuwala kochepa, pempherani kapena khalani chete, mubwerere zikope zikalemera.

Nyengo ya mayeso a Sitandade 8 ndi a Fomu 4 ndi pamene ana athu amadzizunza. Amaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira, amamwa khofi wowawa, amawerenga mpaka tambala. Ine ndinachitapo zimenezi ndili kusekondale, ndipo ndimakumbukabe nditakhala m'chipinda cha mayeso, tsamba la buku ndikuliona m'maganizo koma mawu ake osabwera. Dengu lija linadzaza koma silinafike kunkhokwe. Muuzeni mwana wanu awerenge madzulo mpaka 9 koloko, zovuta kwambiri azibwereze chakumapeto, agone maola asanu ndi atatu, ndipo m'mawa atseke buku n'kuyesa kukumbukira zimene anawerenga dzulo. Ayambe miyezi iwiri mayeso asanafike, maola awiri tsiku lililonse. Usiku woti mawa alemba, inu kholo ndi amene muzimitse nyali.

Kuchezera sikuthawika nthawi zonse. Pali maliro, pali mapemphero a usiku wonse, pali odwala oti adikiriridwe, ndipo alonda, anamwino ndi asodzi a usipa ntchito yawo ndi ya usiku. Mukachezera usiku umodzi, gonani ola ndi theka masana, kenako mugone msanga usiku wotsatira. Thupi limabweza tulo takuya usiku woyamba, ta maloto timabwera pambuyo pake, ndiye dzipatseni masiku awiri kapena atatu. Wogwira ntchito usiku akafika kunyumba agone nthawi yomweyo, m'chipinda chotchinga mazenera ndi bulangete, ndipo apabanja amuteteze: wailesi itsike, ana akasewere kwina, alendo auzidwe kuti abwere madzulo. Chimene sindikufuna muchite ndi kugwira chiwongolero. Ofufuza a ku Australia anapeza m'chaka cha 1997 kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachedwa kuchitapo kanthu mofanana ndi amene wamwako mowa. Ubongo wotopa umazima wokha kwa masekondi angapo, maso ali chitsekulire, ndipo pa msewu wa M1 masekondi amenewo ndi okwanira. Wochokera kumaliro amene wachezera asayendetse galimoto, minibasi kapena njinga yamoto ya kabaza asanagone. Kutsegula zenera ndi kukweza nyimbo sikuthandiza.

Mapiritsi ogonetsa musagule mwa inu nokha. Diazepam ndi anzake amachepetsa tulo takuya tomwe mukufunato, ndipo thupi limawazolowera msanga. Piriton ndi mankhwala a ziwengo ndi chimfine, si ogonetsera mwana wovuta.

Pitani kuchipatala ngati mwasowa tulo masiku atatu pa mlungu kwa miyezi itatu, kapena ngati mumadzuka 3 koloko mtima uli wosweka ndipo zimene munkakonda sizikukomaninso, chifukwa matenda a nkhawa ndi kukhumudwa amayamba motero ndipo ali ndi chithandizo. Ngati amuna anu kapena akazi anu amaliza mkonono waukulu, n'kusiya kupuma kwa kanthawi, kenako n'kubanika ngati akutsamwa, m'mawa mutu ukuwawa, masana akungosinza, njira ya mpweya ikutsekeka ali m'tulo. Vutoli limakweza BP, ndipo mwiniwake salidziwa, ndiye inu ogona naye mupite limodzi mukafotokoze zimene mumamva. Amene mumamwa ma ARV, ena mwa mankhwalawa amasowetsa tulo kapena kubweretsa maloto oopsa. Musasiye kumwa, kafunseni kukiliniki ngati mungasinthe ola lomwera.

Okhala pafupi ndi nkhalango za Nkhotakota ndi Vwaza ku Rumphi, kumene kuli ntchentche za kashembe, mukumbukire kaodzera. Tizilombo take tikafika mu ubongo timasokoneza wotchi ija, munthu n'kumagona masana, usiku ali maso. Zimayamba ndi chotupa pamene analumidwa, kutentha thupi ndi mutu, ngati malungo. Munthu akayezedwa malungo osapezeka, kapena wamwa mankhwala a malungo koma sakuchira, muuzeni dokotala kuti analowa kapena amakhala pafupi ndi nkhalango, ndipo mupemphe kuti amuyeze magazi a kaodzera tsiku lomwelo.